Chifukwa Chimene Ndinachotsetsera Ntchito Che Sumani

1

Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse khonsolo ya sukulu yathu imakumana, ndipo ine ndimakhala kumanzere kwa wapampando, cholembera chili m'manja. Ntchito imeneyi ndaigwira zaka zisanu ndi zinayi. Koma chichitikireni ngozi ya ku Makanjira, msonkhano ukangoyamba ndimamva madzi akudontha, ngati pali wina amene wakoleka chovala chonyowa kuseri kwa mpando wanga. Ndinaitanitsapo okonza mipope kawiri konse, sanapeze podontha. Anzanga a m'khonsolo samva kanthu.

Dzina langa ndine Esitere. Kwathu ndi kufupi ndi mishoni ya Malindi, kumene malemu bambo anga anali katekisiti wa mpingo wa Anglican. Ndine mlembi wamkulu wa sukulu ya ukachenjede imene imaphunzitsa asilikali ntchito yogula katundu wa gulu lankhondo: nsapato, ufa, mankhwala, matenti, mainjini a maboti. Sukuluyi ili m'mbali mwa msewu wochoka ku Mangochi kupita ku Makokola. Dzina lake sindilitchula, chifukwa wolakwa si sukulu ayi, ndine.

Khonsolo ndi anthu khumi ndi awiri, ena asilikali opuma, ena aphunzitsi akuluakulu. Ndi amene amagamula zophunzitsa, wolembedwa ntchito ndi wochotsedwa. Ine sindivota. Changa ndi kukonza ndondomeko ya zokambirana ndi kulemba zimene agwirizana. Anthu amaona ngati ndi udindo wopanda mano, koma amene amasankha pepala loti lifike pa tebulo ndi loti lisafike ali ndi mphamvu kuposa wapampando. Mphamvu imeneyo ndinaigwiritsa ntchito kamodzi kokha.

2

Mwa aphunzitsi athu panali a Swadick Sumani, amene aliyense ankangowatchula kuti Che Sumani. Anali Msilamu wa ku Makanjira, msilikali wopuma amene anakhala zaka makumi awiri ndi zisanu akulandira ndi kusunga katundu wa asilikali. Digiri analibe. Tinawalemba kuti aziphunzitsa phunziro limodzi lokha, loyeza katundu asanalandiridwe.

Kalasi yawo inali shedi ya malata kuseri kwa khitchini. Kumeneko ophunzira ankang'amba nsapato ndi mpeni kuti aone ngati chili chikopa kapena katoni, ankasefa nyemba kufuna anankafumbwe, ankanunkhiza mafuta. Majekete opulumutsira anthu pamadzi ankawamangirira chitsulo n'kuwasiya mumgolo wa madzi tsiku lathunthu. Jekete ikamira, katundu yense abwezedwe. Mawu awo anali amodzimodzi chaka chonse, akuti pepala la wogulitsa silinayandamitsepo munthu.

Ophunzira ankawaopa, aphunzitsi a madigiri ankawaseka. Ine ndinkawazemba. Tikakumana pakhonde ankandipatsa moni wa ulemu, nane ndinkayankha n'kufulumira kulowa mu ofesi. Pasukulu ponse panalibe amene ankadziwa kuti ine ndi iwo tinadziwanapo kale, tili achinyamata.

M'gulu loyamba la ophunzira athu munali Tayamika, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zitatu, wamtali, wolemba ndi dzanja lamanzere. Anakulira m'nyumba ya achemwali anga a Celestina, ndipo ine ankanditchula kuti amayi aang'ono. Anali wanzeru koma wopupuluma. Za m'mabuku zonse ankakhoza, ndipo sankaona chifukwa chothera masana m'shedi yotentha akuviika majekete.

3

Lamlungu lina, chaka chawo chomaliza, Tayamika anabwera kunyumba kwathu titangochoka kutchalitchi. Amuna anga, a Evance, anali atatsalira ku msonkhano wa akuluakulu a mpingo. Tikusenda mbatata, anayamba kundiuza mwanthabwala kuti Che Sumani amuzolowera. Akuti ankamuitana yekha anzake akaweruka, n'kumubwerezetsa zimene ena anachita kamodzi. Anamupatsa buku lawo lakale la ku usilikali. Tsiku lina anamufunsa za kwawo, dzina la mayi ake, ndi chipatala chimene anabadwira.

"Dzulo andifunsa mwezi wobadwa," anatero akuseka. "Nditawauza kuti Epulo, anayamba kuwerenga zala. Kodi madala amenewa akufuna kundigulira mphatso?"

Mpeni unandicheka chala osamva kupweteka. Ndinamufunsa ngati anamugwirapo kapena kumulankhula zopusa. Anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti ayi, munthu uja amakhala kutsidya la tebulo ndipo chitseko chimakhala chotsekula.

Patatha masabata atatu zotsatira za mayeso zinafika pa tebulo langa. Mwa ophunzira makumi anayi, khumi ndi mmodzi analephera phunziro la Che Sumani, ndipo Tayamika anali m'gulu limenelo. Pa mayeso aja aliyense anapatsidwa katoni yomata ya majekete ndi chikalata cha wogulitsa chonena kuti katunduyo ndi wovomerezeka. Tayamika anawerenga chikalatacho bwinobwino, anaona chidindo, anawerenga kuchuluka kwa majekete, n'kusaina. Sanang'ambe ngakhale imodzi. M'kati mwake Che Sumani anali atalongedzamo utuchi.

Lamulo linali lakuti wolephera phunziro limeneli abwereze chaka chonse. Ndinaganiza za chaka china chathunthu, Tayamika ali m'shedi muja ndi munthu wofunsafunsa uja, mpaka tsiku limene adzafunse funso lomaliza. Ndinayamba kusowa mtendere.

4

Mwayi wanga unali wakuti khonsolo nayo inali pamoto. Mwambo woyamba wopereka madigiri unali utalengezedwa kale, alendo olemekezeka ataitanidwa, ndipo wapampando wathu, a Jailosi, amene anapuma usilikali ali pa udindo waukulu, sankafuna kuti dziko limve kuti sukulu yatsopano yagwetsa ophunzira ambiri chotere. Anandituma kuti ndikawapemphe Che Sumani awonjezereko malikisi. Ndinatuma wina. Yankho linabwera lakuti ayi.

Masana a Lachitatu, anzanga atapita kukadya, ndinatseka ofesi n'kutaipa kalata. Sindinasaine dzina, ndinangolemba kuti wophunzira wokhudzidwa. Kalatayo inkati mphunzitsi wina amaitanira yekha mtsikana wina ku shedi, amamupatsa mphatso, amamufunsa za moyo wake wamseri, ndipo atakanidwa wamulepheretsa mayeso. Chilichonse m'kalatamo chinali ndi kachidutswa ka choonadi, kupatula mawu awiri aja, atakanidwa wamulepheretsa. Ndinaiika m'faelo ya wapampando, pamwamba penipeni.

Mawa lake khonsolo inawaitana Che Sumani. Analowa atavala malaya oyera ositidwa bwino ndi kofia wawo, n'kuima chilili ngati ali pa pelete. A Jailosi anawerenga kalata ija mokweza. Tayamika sanaitanidwe, chifukwa anali ku Zomba kumene anatumizidwa kukaphunzira ntchito, ndipo ine ndinalangiza khonsolo kuti kumuitana kungamuchititse manyazi.

Che Sumani anavomera kuti ankamuitanadi yekha, anavomera za buku, anavomeranso kuti anamufunsa za kwawo. Anakana zoti anamufunsira. Ndiye mayi wina wa m'khonsolo, pulofesa wa zamalamulo, anafunsa funso limene ndinkaliopa.

"Ngati simunkamufuna, bambo Sumani, mwezi wake wobadwa unkakukhudzani chiyani? Bwanji iyeyo yekha mwa ana makumi anayi?"

Che Sumani anatembenuka n'kundiyang'ana. Sikunali kuyang'ana kwa mkwiyo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine maso ali pa pepala. Ndinkadikira kuti alankhule, moyo wanga uthere pomwepo.

"Ndilibe yankho, bwana," anatero.

Anthu asanu ndi anayi anavota kuti achotsedwe. Pa msonkhano womwewo anagwirizana kuti mayeso a m'shedi athe, m'malo mwake ophunzira azilemba mayeso a papepala, ndipo khumi ndi mmodzi aja alembe sabata yotsatira. Onse anakhoza. Zonsezi ndinazilemba ndi dzanja langa, mwaukhondo, popanda chofufuta.

Che Sumani anachoka Loweruka pa lole yopita ku Makanjira. Migolo ija alonda anaitenga n'kumasungiramo madzi othirira maluwa.

5

Tayamika atabwerera n'kumva zimene zinachitika, anafika mu ofesi mwanga osagogoda. Anati akufuna kukaonekera ku khonsolo kuti akanene kuti kalatayo ndi bodza, ndipo kuti analephera chifukwa analepheradi. Ndinamukhazika pansi n'kumuuza kuti nkhani inatha, kuti akaiutsa dzina lake lidzakhala m'kamwa mwa asilikali moyo wake wonse, kuti adzabwereza chaka, kuti a Celestina akudwala BP ndipo sangapirire zoterezi. Ndinalankhula mpaka analira.

"Amayi aang'ono, munthu uja sanandilakwire," anatero potuluka. "Amene analemba kalata imeneyo Mulungu amuone."

Ndinavomera kuti amen.

Pa tsiku la madigiri ndine ndinkaitana mayina. Nditafika pa dzina la Tayamika ndinayamba ndamwa madzi. Anayenda mowongoka mu yunifolomu yake, analandira pepala lake, a Celestina akululutira kumbuyo. Anamutumiza kukagwira ntchito ku gulu la asilikali a pamadzi, kuno komwe ku nyanja, monga wolandira katundu. Kwa zaka ziwiri ndinkadziuza kuti ndinachita bwino. Mwana ali pantchito, banja langa lili phee, ndipo za Che Sumani ndinkangomva kuti akukonza mainjini a maboti a asodzi kwawo.

6

Dzinja la chaka chachitatu mvula inagwa yoopsa, milatho ya msewu wa ku Makanjira inakokoloka, magalimoto anasiya kudutsa. Asilikali amene anali ku msasa wa kumeneko chakudya ndi mankhwala zinawathera, ndiye kunagamulidwa kuti katundu apite pa boti. Tayamika anakwera nawo kuti akapereke katunduyo ndi manja ake. Anali anthu khumi ndi anayi, ndipo aliyense anavala jekete yatsopano, mwa majekete amene iye mwini anawalandira kwa wogulitsa mwezi wapitawo.

Ananyamuka m'mawa nyanja ili bata. Cha m'ma leveni koloko mphepo ya mpoto inadzuka, ndipo atatsala pang'ono kufika, mtunda ukuoneka, boti linagudubuzika. Opulumuka anafotokoza kuti poyamba panalibe mantha, chifukwa asodzi anali atawaona ndipo ankabwera. Koma patangotha mphindi zochepa majekete aja anayamba kulemera. M'kati mwake munali zidutswa za siponji ya matiresi, imene imamwa madzi. Amene anazindikira msanga anavula n'kusambira. Asanu ndi mmodzi sanathe kumasula zingwe.

Uthenga unandipeza mu ofesi, ndikukonza ndondomeko ya msonkhano. Amene anaimba foni anatchula mayina mmodzimmodzi, ndipo la Tayamika linali lachinayi. Ananenanso kuti mitembo yonse yavuulidwa ndi asodzi, motsogozedwa ndi bambo wina wokonza mainjini amene kale anali msilikali. Akuti bamboyo anadumphira m'madzi katatu, ndipo mtembo wa mtsikana anaunyamula yekha mpaka kumtunda, osalola wina kuugwira.

Kafukufuku anapeza chikalata cholandirira majekete aja. Chinali ndi chidindo cha wogulitsa, nambala yolondola ya makatoni, ndi siginecha ya Tayamika yopendekera kumanzere. Panalibe katoni imene inatsekulidwa kuti iyezedwe.

7

Tinamuika kwathu ku Malindi, Lachisanu masana. Asilikali anaomba mfuti, amayi a mpingo anaimba. A Celestina anakhala pafupi ndi bokosi monga mayi wa malemu, ndipo anthu ankabwera kudzawapepesa. Ine ankangondigwira dzanja podutsa.

Anthu akubalalika ndinawaona Che Sumani. Anaima patali, kunja kwa mpanda wa manda, atakalamba kuposa zaka zitatu zimene zinadutsa. Ndinawatsatira mpaka pamsewu pamene ankadikira njinga yamoto. Ndinali nditakonza mawu ambiri, koma amene anatuluka anali ochepa.

"Swadick, kalata ija ndinalemba ndine."

Anati ankadziwa.

"Tayamika sanali mwana wa achemwali anga. Anali wanga. Anali wanu."

Apa ndiyenera kukuuzani zimene ndinabisa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinakondana ndi msilikali wachinyamata amene ankadutsa kwathu popita ku tchuthi. Bambo anga atamva kuti ndi Msilamu anati mwana wa katekisiti sangachite nikaha, ukwati wa Chisilamu, iwo ali moyo. Mnyamatayo anatumizidwa kumpoto asanadziwe kuti ndili ndi pakati. Makalata ake bambo ankawatentha. Ananditumiza ku Zomba kwa a Celestina, amene anali pabanja zaka zisanu opanda mwana, ndipo mwana atabadwa analembedwa kuti ndi wawo. Ine ndinabwerera ku sukulu. A Evance anandikwatira akukhulupirira kuti sindinaberekepo, ndipo pa fomu ya khonsolo ndinasaina kuti ndilibe mwana pasukulupo.

Che Sumani sanadzidzimuke. Anandiuza kuti anazindikira sabata yoyamba imene mtsikanayo analowa m'shedi. Akuti kayendedwe, kasekedwe ndi dzanja lamanzere lija zinali za malemu mchemwali wawo Hidaya. Mwezi wobadwa unangotsimikiza.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere pamaso pa khonsolo, poti mawu amodzi okha akanawapulumutsa.

"Ndikananena, mwana akanamva za bambo ake kuchokera m'kamwa mwa anthu khumi ndi awiri," anatero. "Iwe ukanataya banja ndi ntchito tsiku limodzi. Ndinati ndipirire, Allah adzatsegula njira ina."

Anayang'ana kumene kunkachokera njinga.

"Sindinamulepheretse chifukwa chomuda, Esitere. Ndinaona kuti amakhulupirira mapepala. Ndinkafuna chaka chimodzi chokha. Chaka chimodzi, ndikanamuphunzitsa kung'amba katoni."

Kenaka anandiuza chimene sichichoka m'mutu mwanga. Atamufikitsa Tayamika kumtunda anatenga mpeni wawo n'kudula zingwe za jekete ija, ndipo ataifinya madzi anatuluka ngati akufinya thaulo. Akuti zala za mwanayo zinali zikadali pa mfundo, akuyesa kumasula.

Njinga inafika, anakwera. Sananditukwane, ndipo sananene kuti andikhululukira.

8

A Evance ndinawauza patatha sabata. Anamvetsera mpaka kumapeto, anatenga chikwama n'kupita kwa achimwene awo ku Chembe. Miyezi isanu yatha, amaimba foni kufunsa za nyumba, koma za kubwerera sanena. A Celestina sandilankhula. Akuti ndinawapatsa mwana n'kuwalandanso.

Wapampando ndinawauzanso zonse. Khonsolo inabwezeretsa mayeso a m'shedi, migolo inachotsedwa ku maluwa, ndipo analembera Che Sumani kalata yopepesa ndi kuwapempha kuti abwerere. Anakana. Ine ndapereka kalata yosiya ntchito, ndikungodikira kuti apeze wolowa m'malo mwanga, ndipo ngati kudzakhale mlandu ndidzapita kukayankha.

Owerenga anzanga, ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuti wolakwa ndi wogulitsa uja amene analongedza siponji. Zoona, ndipo nkhani yake ili kukhoti. Koma akuba otere sadzatha. N'chifukwa chake panali shedi, panali mgolo, panali munthu wouma mutu woima pakati pa akubawo ndi ana athu. Amene anamuchotsa pamenepo ndine, ndipo sindinachite zimenezi chifukwa cha chiphuphu kapena udindo. Ndinkangoopa kuti amayi anzanga a kutchalitchi adzandiona bwanji.

Inu amene mumakhala m'makhonsolo ndi m'makomiti, amene mumagamula zinthu muli m'zipinda zozizira, botolo la madzi lili patsogolo, dziwani kuti chimene mwavomereza pokweza dzanja chimakafika pa thupi la munthu. Pa anthu asanu ndi mmodzi aja ine ndimalira mmodzi, koma kuli amayi ena asanu amene sadziwa n'komwe kuti kuli Esitere. Ndipo inu amene mukusunga chinsinsi chonga changa, musadzinamize kuti mukuteteza mwana. Ine ndinkadziteteza ndekha.

Mwezi watha ndinalandira uthenga wa pafoni kuchokera ku Makanjira, woyamba chichokereni ku maliro. Che Sumani ankapempha chinthu chimodzi. Akuti mwana wawo anamudziwa ali wamkulu kale, ndiye ngati pali chithunzi cha ali wakhanda kapena akuyamba sukulu, ndiwatumizireko. Ndinasanthula nyumba yonse, masutikesi ndi maalubamu omwe. Ndinapeza zithunzi za ukwati wanga, za madigiri anga, za misonkhano ya khonsolo. Cha Tayamika ali mwana ndinalibe ngakhale chimodzi, chifukwa zaka zonsezo ndinkaopa kuti wina angandifunse chimene ndikuchisungira. Mpaka lero sindinawayankhe.